Kukaona Nyanja Yamchere: Ulendo wa M'chilimwe ku Gombe la Nampula

Thumba la feteleza limene mlimi wa ku Machinga kapena ku Mchinji amanyamula panjinga limakhala litayenda ulendo wautali kuposa mwini wake. Ambiri mwa matumba amenewa amatsitsidwa m'sitima zapamadzi pa madoko a Nacala ndi Beira ku Mozambique, kenako n'kukwezedwa m'sitima yapamtunda kapena m'malole kulowera kumtunda. Nandolo wochokera m'minda ya ku Mulanje ndi ku Phalombe amadzera njira yomweyo popita kumisika ya ku India. Motero moyo wa mlimi wakumtunda ndi womangirizika ku nyanja yamchere, ngakhale kuti alimi ochuluka amakalamba osaionako ndi maso.

Komatu nyanjayi siili kutali monga mmene ambiri amaganizira. Kuchokera ku Mangochi kukafika pagombe la chigawo cha Nampula pali makilomita opitirira pang'ono 700, mtunda umene munthu amatha kuuyenda masiku atatu popanda kudzipanikiza. Kalabu ya alimi, komiti ya zachitukuko kapena gulu la banki m'khonde likhoza kukwanitsa ulendowu likasonkherana mwadongosolo. Chimene chimagwetsa maulendo otere kawirikawiri si kuchepa kwa ndalama ayi, koma kulakwitsa nthawi. Gombe lili ndi kalendala yakeyake: ya mvula ndi anamondwe, ya sitima ndi mabasi, ndiponso ya madzi a m'nyanja amene amabwera ndi kubwerera tsiku lililonse. Wolemekeza kalendala imeneyi ndiye amapita ndi kubwerako bwino.

Nyengo yoyenera

Anthu apantchito amakonda kuyenda pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo n'zosavuta kuti gulu lakumudzi litengere chizolowezi chimenechi. Kwa mlimi, imeneyo ndi nthawi yolakwika kawiri. Choyamba, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale munda umafuna mwini wake tsiku ndi tsiku: kupalira, kuthira feteleza, kubandira. Ndi miyezi yomweyinso imene nkhokwe imapepuka ndipo ndalama imasowa pakhomo. Chachiwiri, dzinja ndiyo nyengo ya anamondwe pagombe la Mozambique.

Zaka zapitazi zapereka umboni wokwanira. Namondwe Idai anasakaza mzinda wa Beira m'Malichi 2019. Ana anatulukira pafupi ndi Angoche mu Januwale 2022, ndipo Gombe anakantha chigawo cha Nampula m'Malichi chaka chomwecho. Freddy, amene anthu a kumwera kwa Malawi sadzamuiwala, analowera ku Quelimane m'Malichi 2023. Chido anaomba kumpoto kwa dzikolo mu Disembala 2024, ndipo motsatana naye kunabwera Dikeledi mu Januwale 2025 ndi Jude m'Malichi 2025, onse awiri m'chigawo cha Nampula. Namondwe akadutsa milatho imakokoloka, magetsi amazima, madzi akumwa amaipa ndipo kolera sachedwa kubuka. Mlendo wopezeka kumeneko panthawi yotere amangowonjezera katundu pamutu pa eni dera.

Chilimwe ndicho chimakomera onse. Kuyambira Ogasiti mpaka chapakati pa Okutobala zokolola zimakhala zili m'nkhokwe, zogulitsa zitagulitsidwa, misewu ili youma ndipo udzudzu utachepako. Ndi miyezi yomweyi imene anangumi amadutsa m'mbali mwa gombeli, moti wamwayi amatha kuwaona akutumphuka patali. Ukapitirira Okutobala kutentha kwa kugombe kumafika polefula thupi, komanso kumudzi mizere imakhala ikudikira mvula yoyamba. Gulu lanzeru limasankha masiku asanu ndi anayi kapena khumi mkati mwa Sepitembala, n'kubwerako khasu lisanayambe kuitana.

Zikalata ndi ndalama

Nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zimalowa mu Mozambique kukacheza kwa masiku ochepa popanda viza, koma pasipoti yosatha ntchito ndi yofunika kwa aliyense. Kachikalata kodutsira pachipata kamene anthu a m'malire amagwiritsa ntchito popita kumsika kapena kumaliro sikangamufikitse munthu kugombe. Popeza pasipoti imatenga nthawi kuti ituluke, gulu lofuna kuyenda m'Sepitembala liyenera kuyamba zokonzekera mvula isanathe. Pachipata aliyense aonetsetse kuti chidindo chamenyedwa ndipo masiku amene wapatsidwa akuwerengeka bwino, chifukwa kupyola masikuwo kuli ndi chindapusa. Apolisi a ku Mozambique amafunsa zikalata m'misewu ndi m'mizinda, choncho pasipoti isamasiyidwe kumalo ogona.

Opita pagalimoto yawo kapena yobwereka amafunika chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi, kalata ya mwini galimoto ngati woyendetsa si mwini wake, ndi inshuwalansi yogula pachipata pomwepo, pakuti Mozambique sali m'bungwe la COMESA ndipo khadi yachikasu ya bungwelo siithandiza kumeneko. M'galimoto muyenera kukhala zikwangwani ziwiri zochenjeza pangozi ndi jekete yonyezimira. Chosangalatsa n'chakuti magalimoto amayenda kumanzere monga ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo nthawi ya pawotchi ndi imodzimodzi.

Ndalama ya dzikolo ndi metical. Kwacha imasinthika mosavuta pamalire pokha. Ukalowa mkati palibe amene amailandira. Msungichuma wa gulu agawe thumba patatu: zoyendera, zogona ndi chakudya, ndi gawo lachitatu losakhudzidwa, lodikira matenda kapena kugona panjira kosayembekezera. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndalama zonse zisakhale m'thumba la munthu mmodzi, ndipo ndi bwino kugula simu khadi ya Vodacom kapena Movitel pa tawuni yoyamba, kuti achibale otsala kumudzi adziwe nambala yoimbirapo.

Kuchokera pachipata kukafika ku Nampula

Njira yachidule kwa ochokera m'chigawo chapakati ndi chakummawa kwa Malawi ndi yodzera ku Mangochi, kukwera mapiri a Namwera mpaka pachipata cha Chiponde. Ofesi ya mbali ya Mozambique ili ku Mandimba, makilomita angapo kuchokera pamenepo, ndipo pakati pake anthu amayenda pa njinga zamoto ndi zakapalasa. Kuchokera ku Mandimba kukafika ku Cuamba pali makilomita pafupifupi 150. Minibasi kumeneko amaitcha chapa, ndipo khalidwe lake ndi lodziwika kale: imanyamuka ikadzaza, osati nthawi ikakwana. Kusiyana kwake n'kwakuti machapa a maulendo ataliatali amanyamuka mbandakucha, nthawi zina isanakwane 5 koloko. Wofika pa siteji dzuwa litakwera amapeza atsala ndi fumbi lokha.

Ku Cuamba ndiko kuli chisankho chachikulu: msewu kapena njanji. Msewu wa ku Nampula, wa makilomita pafupifupi 350, tsopano ndi wa tala ndipo basi imafika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Sitima ya anthu imachedwerapo, imatenga tsiku lathunthu, ndiponso siiyenda tsiku lililonse. Masiku ake amasinthasintha, motero mtsogoleri wa gulu ayenera kufunsiratu pa siteshoni ndi kugula matikiti dzulo lake. Safunsa anadya phula.

Ngakhale zili choncho, mlimi amene angathe kudikira sitima sadandaula. Njanjiyi imadutsa pakati pa mapiri amwala osongoka amene amangotumphuka m'chigwa ngati zulu zikuluzikulu, kudzera ku Mutuali, Malema, Iapala ndi Ribáuè. Malema amadziwika kuti ndi nkhokwe ya chigawo cha Nampula. Sitima ikaima, siteshoni imasanduka msika: anyezi, adyo, tomato, kabichi, nyemba ndi nthochi zimakwezedwa kudzera m'mawindo, malonda onse n'kutha m'mphindi zowerengeka. Wapaulendo watcheru amaona ndi maso ake mmene njira yodalirika yopitira kumsika imasinthira zimene mudzi umalima. Njanji yomweyi inalumikizidwa ndi ya Malawi mu 1970 kudzera ku Nayuchi, ndipo lero imanyamulanso malasha ochokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, amene amadutsa m'Malawi popita kudoko.

Ochokera ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ali ndi njira ina: pachipata cha Muloza kulowa ku Milange, kumene Chinyanja chimamveka bwino lomwe, kenako ku Mocuba ndi kukhotera kumpoto kudzera ku Alto Molócuè. Gulu likhoza kupitira njira imodzi n'kubwerera inayo, kuti lione madera awiri pa mtengo wosasiyana kwambiri.

Nampula ndi mzinda waukulu wa kumpoto, wapiringupiringu, woyenera kugonapo usiku umodzi. Muli tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri cha Nossa Senhora de Fátima, ndi nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana za mitundu ya anthu a kumpoto, imene kuseri kwake amisiri achimakonde amasema ziboliboli. Chiyankhulo cha m'maofesi ndi Chipwitikizi, koma cha pamsika ndi Chimakhuwa, chomwe ndi chapachibale ndi Chilomwe. Gulu lokhala ndi munthu wodziwa Chilomwe lili ndi womasulira wake kale.

Chilumba chimene chinapatsa dziko dzina

Kuchokera ku Nampula, msewu wa makilomita pafupifupi 180 umadutsa ku Namialo ndi ku Monapo, pakati pa minda ya chinangwa ndi mitengo ya mbibu, kufikira mphepo itayamba kununkhira mchere. Kumapeto kwake kuli mlatho wopitirira makilomita atatu, womangidwa m'zaka za m'ma 1960, wopapatiza moti magalimoto amapatukirana m'malo oikika okha. Mabasi akuluakulu saloledwa kuwoloka. Apaulendo amatsika n'kukwera galimoto yaing'ono. Tsidya lake ndi Ilha de Moçambique, chilumba chimene dziko lonselo linatengako dzina.

Chilumbachi ndi chaching'ono, cha makilomita atatu m'litali ndipo m'lifupi sichipitirira theka la kilomita. Munthu amachizungulira wapansi m'mawa umodzi. Koma mbiri yake ndi yolemera kuposa kukula kwake. Amalonda achiswahili ndi Aluya anali atakhazikikapo kale pamene Vasco da Gama anafika mu 1498. Apwitikizi anachisandutsa likulu la ulamuliro wawo m'dera lino la Africa mpaka mu 1898, pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Mu 1991 bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Kunsonga ya kumpoto kuli linga la São Sebastião, limene anayamba kulimanga mu 1558. Kuseri kwa lingalo, pathanthwe lomenyedwa ndi mafunde, kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kamene kamadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri mwa zomangidwa ndi Azungu kummwera kwa dziko lapansi zimene zikadalipo. Nyumba yofiira ya São Paulo, yomwe inali ya abwanamkubwa, lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Wogwira ntchito zachitukuko asatuluke m'lingamo asanaone zitsime zake. Pachilumbachi madzi abwino ndi osowa, choncho amisiri akale anakonza madenga athyathyathya okhala ndi ngalande zotsogolera madzi a mvula m'nkhokwe zapansi. Luso lokolola madzi limene alangizi amaphunzitsa lero linali likugwira ntchito pano zaka mazana anayi zapitazo.

Chilumbachi chili ndi nkhope ziwiri. Kumpoto kuli mzinda wamiyala, wa nyumba zikuluzikulu zalaimu. Kummwera kuli Macuti, dera lotchedwa ndi dzina la masamba a kokonati ofolerera nyumba, kumene kumakhala anthu ochuluka. Mlendo amadabwa kuona kuti nyumba za ku Macuti zili m'munsi mwa msewu, ngati m'dzenje. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira mzinda wakumpoto inakumbidwa pamenepo, ndipo ogwira ntchitowo anamanga nyumba zawo m'maenje otsalawo. Mvula ikagwa yambiri, madzi amayamba kudzaza kwa iwo.

Palinso malo amene munthu wochokera kumtunda sayenera kuwalambalala: munda wachikumbutso wa Jardim da Memória, pamalo pamene akapolo ankasungidwa podikira zombo. Kwa zaka zambiri amalonda achiyawo ankatsika ndi minyanga ya njovu kuchokera kumadera ozungulira nyanja ya Malawi kudzagulitsa ku Mossuril, tsidya la chilumbachi, ndipo pambuyo pake njira zomwezo zinayenda anthu omangidwa m'magoli. Ena anatumizidwa ku zilumba za Réunion ndi Mauritius, ena ku Brazil. Mu Disembala 1794 chombo chotchedwa São José chinanyamuka pano ndi akapolo pafupifupi 500, n'kukasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town, ndipo oposa 200 anamira. Msewu umene gulu la alendo limayenda masiku atatu pagalimoto, makolo ena anauyenda wapansi miyezi, osabwererakonso.

Madzi amene amachoka ndi kubwerera

Wozolowera nyanja ya Malawi amafika kugombe akudziyesa katswiri wa madzi, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kusinthana pakatha maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Madzi akaphwa amasiya mchenga ndi matanthwe mtunda wautali, amayi ndi ana n'kulowa kukatola nkhono ndi nkhanu. Akamabwerera amadza mwakachetechete koma mofulumira, nthawi zina kuzungulira kumbuyo kwa munthu amene wapita patali. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kudzaza ndi kuphwa kumakula kwambiri. Mlendo asalowe m'madzi kapena kuyenda pamchenga wophwa asanafunse asodzi nthawi imene madzi abwerere, ndipo avale nsapato chifukwa pamatanthwe pali zamoyo zaminga.

Ngalawa zamatanga zimawolotsa anthu kupita ku Cabaceira ndi ku Chocas Mar, kumene kuli mchenga woyera ndi minda ya kokonati, kapena ku kachilumba ka Goa komwe kuli nsanja younikira zombo. Ngalawazi zimamvera mphepo ndi madzi, osati wotchi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kukakamiza mwini ngalawa kuti anyamuke pamene iye akukayika n'kuika moyo pachiswe. Mtengo ukambidwe ngalawa isananyamuke, ndipo ukhale wa kupita ndi kubwera. Gulu liwerenge majekete oyandamitsa, likane kukwera ngalawa yodzaza mopyola muyeso, ndiponso libwerere kusanade. Pa 7 Epulo 2024 boti la asodzi lodzaza ndi anthu linamira likuchokera ku Lunga kupita pachilumbachi, ndipo anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana. Ochuluka ankathawa kwawo chifukwa cha mphekesera zokhudza kolera. Kwa alangizi a zaumoyo, tsoka limeneli ndi phunziro lowawa la mmene uthenga wabodza umaphera anthu.

Zimene mlimi angatengeko

Tsiku limodzi lipatulidwe kuti gulu likaone Nacala, pobwerera ku Monapo n'kukhotera kumpoto. Dokoli lili pa malo akuya mwachilengedwe, amodzi mwa akuya kwambiri kugombe la kummawa kwa Africa, moti zombo zikuluzikulu zimafika pafupi ndi mtunda. Mkati mwa doko salowamo wamba ndipo kujambula zithunzi pafupi ndi zipata kukhoza kudzetsa mavuto, koma kuchokera kumtunda kwa tawuni munthu amaona bwino zombo ndi sitima za katundu. Pamenepo mlimi amamvetsa chifukwa chimene mlatho umodzi ukakokoloka ku Nampula feteleza amachedwa kufika kwawo.

M'midzi ya m'njira muli zambiri zofunsa. Chakudya chodalirika kugombe ndi chinangwa, chifukwa chimapirira m'dothi lamchenga, koma alimi akulimbana ndi matenda oola mizu amene avutanso m'madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo amasinthana mbewu zopirira. Mitengo ya mbibu imachita maluwa m'chilimwe. Ndi nthawi imene amaipopera mankhwala oteteza ku nthenda yooneka ngati ufa woyera, kukonzekera kukolola kuyambira Okutobala. Pafupi ndi Lumbo pali minda ya mchere, kumene madzi a m'nyanja amatsekeredwa m'timaiwe mpaka dzuwa litawaumitsa. Asodzi ali ndi makomiti awo oyang'anira usodzi, ofanana ndi makomiti a m'madoko a nyanja ya Malawi, ndipo nkhawa zawo ndi zodziwika: kuwedza ndi masikito, kuchepa kwa nsomba, ndi kudulidwa kwa mitengo yomera m'matope amchere imene imatchinga mafunde ndi kusunga tiana ta nsomba. Ngakhale m'mbale muli phunziro. Matapa ndi chigwada chomwechi cha kumudzi, koma chosinjidwa bwino ndi kuphikidwa ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati.

Ulemu ndi chitetezo

Anthu ambiri a kugombe ndi Asilamu. Kuvala modzilemekeza, kupewa mowa pamalo oonekera ndi kukumbukira kuti Lachisanu masana ntchito zambiri zimaima ndi zinthu zimene zimatsegula makomo. Amayi a kuno amadzola kumaso phala loyera la mtengo lotchedwa mussiro ndipo amavina gule wa tufo atavala zitenje zofanana. Kuwajambula osapempha ndi chipongwe. Gulu lofuna kucheza ndi alimi kapena asodzi liyambe laonekera kwa atsogoleri a dera, monga mmene mlendo amachitira kwa mfumu kwawo. Aliyense agone m'masikito, amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo wodwala matenda okhalitsa atenge mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera.

Ulendowu uthere ku Nacala. Kumpoto kwake, m'chigawo cha Cabo Delgado, kwakhala kuli nkhondo ya zigawenga kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo mu 2022 ndi mu 2025 ziwembu zinafika m'maboma a Memba ndi Eráti m'chigawo cha Nampula. Zionetsero zotsatira chisankho cha mu Okutobala 2024 nazonso zinatseka misewu ndi zipata kwa masiku ambiri. Sabata yonyamukira, mtsogoleri amvetsere wailesi ndi kufunsa madalaivala a malole ndi ogwira ntchito pachipata, omwe amadziwa za msewu kuposa wina aliyense. Zinthu zikakhala zokayikitsa, kuimitsa ulendo si manyazi.

Dongosolo lonse likhoza kuyalidwa chonchi: tsiku loyamba kugona ku Cuamba, lachiwiri ku Nampula, masiku atatu pachilumba ndi tsidya lake, tsiku limodzi ku Nacala, masiku awiri obwerera, ndi tsiku limodzi losungira sitima yochedwa kapena mphepo yokana ngalawa. Gulu lisanabalalike ligwirizane tsiku lokafotokozera anzawo otsala zimene laona, pakuti ndalama zosonkha pamodzi ziyenera kubala phindu la onse. Likatero lidzafika kumudzi mitengo ya mango ili ndi zipatso zanthete, mitambo isanayambe kusonkhana, nthawi yokonza munda ikadalipo.